A Paulus Gerdes ndi masamu amene ali m'manja mwa oluka

Aphunzitsi ambiri a masamu m'masekondale a kuno ku Tete, kuyambira mumzinda mpaka ku Ulónguè, Furancungo ndi Zóbuè, mapepala awo a uphunzitsi ali ndi chidindo cha Universidade Pedagógica, kapena cha Universidade Púnguè imene inaphukira pa iyo mu 2019 boma litagawa yunivesite ija. Koma mutawafunsa kuti ankatsogolera sukuluyo ndani kuyambira 1989 mpaka 1996, pamene inkatchedwa Instituto Superior Pedagógico n'kudzasanduka yunivesite, si onse angayankhe msanga. Anali a Paulus Gerdes, katswiri wa masamu amene dzina lake limamveka kwambiri ku Brazil, ku Germany ndi ku America kuposa m'maboma athu a kumtunda kuno.

Chimene a Gerdes ankanena n'chakuti woluka lichero, womanga nyumba ndi wokonza mono amaganiza masamu, ndipo maganizo amenewo anatsalira m'zinthu zimene amapanga, ngakhale palibe anawalemba m'buku. Anthu ambiri akamva zimenezi amafulumira kuomba m'manja, amvekere "eya, makolo athu ankadziwa zonse." A Gerdes sankatanthauza zimenezo, ndipo kuwamva choncho n'kuwachepetsa. Kutamanda makolo aliyense angathe. Iwo ankatenga dengu, kuliphwasula, kuwerenga nsungwi zake, kudziphunzitsa kuluka, kenako n'kusonyeza papepala kuti lamulo la masamu limene lagwira dengulo ndi liti ndipo lingatifikitse kuti.

Anabadwira ku Netherlands pa 11 Novembala 1952. Anaphunzira masamu ndi fizikisi pa yunivesite ya ku Nijmegen, ndipo anaphunziranso za chikhalidwe cha anthu. Mu 1976, patangotha chaka chimodzi Mozambique ilandire ufulu, anafika ku Maputo asanakwanitse n'komwe zaka 25, n'kuyamba ntchito pa Universidade Eduardo Mondlane. Kwawo kunasanduka kuno mpaka imfa.

Dziko limene anapeza linali louma pa nkhani ya sukulu. Pa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 sankatha kuwerenga. M'nthawi ya Apwitikizi mwana wakuda amene anali ndi mwayi ankaphunzira pa mishoni, monga ku Lifidzi kapena ku Fonte Boa, ndipo ambiri ankathera m'makalasi oyambirira. Ufulu utabwera aphunzitsi achipwitikizi ambiri ananyamuka, masekondale n'kutsala pululu. N'chifukwa chake pa 8 Malichi 1977 a Samora Machel anauza achinyamata a m'makalasi omaliza a sekondale kuti asiye kaye maloto awo, ena apite ku uphunzitsi, ena ku ntchito zina zimene dziko linkasowa. A Gerdes anali m'gulu la anthu amene ankasula aphunzitsi a masamu a m'badwo umenewo.

Ndiye anaona vuto limene silinali m'mabuku. Achinyamatawo sanali mbuli, koma ambiri ankakhulupirira kuti masamu ndi katundu wobwera pa sitima. Buku linali la Chipwitikizi, zitsanzo zake za ku Ulaya, mayina onse a m'menemo a Agiriki ndi azungu ena. Masamu anali sefa yogwetsera ana pa mayeso. Mwana ankaloweza lamulo, kulilemba, n'kuliiwala, popanda tsiku limodzi loganiza kuti lamulolo lili ndi chibale ndi zimene bambo ake amachita pakhonde.

Yankho la a Gerdes linali njira yofufuzira. Masamu otere anawatcha oundana, nthawi zina obisika. Ankati munthu woyamba kupeza kalukidwe kenakake anayesa njira zambiri, zina zinakanika, mpaka anapeza imene imagwira. Amene anabwera pambuyo pake anangotengera, ndipo kuganiza kuja kunaundana m'chinthucho. Kuti ukusungunule uyenera kupanga chinthucho wekha, ndipo pa sitepe iliyonse uzidzifunsa kuti, nanga ndikanapinda mwina chikanachitika n'chiyani? Ukayesa mwinamo n'kuona dengu likusomphoka, wapeza chifukwa chimene maonekedwe aja alili chomwecho. Chifukwacho ndiye masamuwo.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife ndi maziko a nyumba. Alimi a ku Mozambique amene a Gerdes analemba za iwo sankagwiritsa chida chilichonse chogula poyeza makona. Ankagoneka pansi nsungwi zinayi, ziwiri zazitali zofanana, ziwiri zazifupi zofanana, n'kulumikiza mapeto ake. Pamenepo nyumba ikhoza kukhala yopendekeka, makona awiri otseguka kwambiri, awiri opanikizika. Ndiye ankatenga chingwe n'kuyeza kuchokera pa kona ina kukafika pa kona yoyang'anana nayo, kenako n'kuyezanso mbali inayo. Chingwe chikapelewera kwina n'kutsalira kwina, ankakankha nsungwi pang'onopang'ono mpaka miyezo iwiriyo itafanana. Ikafanana basi, makona onse anayi akhala pa sikweya, ayambe kukumba mayenje a nsichi. Ena ankayambira kwina: zingwe ziwiri zotalika mofanana, kuzimanga pamodzi pakati penipeni, kuzikoka kuti ziongoke, ndipo mapeto anayiwo ndiwo makona a nyumba.

Amene anakhalapo m'kalasi ya jometri akuzindikira kale zimenezi. Buku limati chinthu cha mbali zinayi, chimene mbali zake zoyang'anana n'zofanana ndiponso mizere yake yodutsa pakati n'njofanana, ndi rekitango. Njira yachiwiri ija ikunena zinanso: mapeto onse anayi ali pa mtunda wofanana kuchokera pa mfundo yapakati, kutanthauza kuti ali pa mzere umodzi wozungulira, ndipo apo tafika pa lamulo limene mabuku amalipatsa dzina la Thales. Amisiri athu a njerwa zootcha ali ndi njira yawonso. Ku Moatize kapena ku Domué mudzaona mmisiri akukhoma zikhomo, n'kuyeza masentimita 60 pa chingwe china, 80 pa chinzake, kenako n'kuonetsetsa kuti pakati pa zizindikiro ziwirizo pali mita imodzi ndendende. 60 kuchulukitsa ndi 60 ndi 3,600. 80 ndi 80 ndi 6,400. Kuphatikiza ndi 10,000, amene ali 100 kuchulukitsa ndi 100. Mwana wa mmisiri yemweyo amalephera funso la Pythagoras pa mayeso, chonsecho Loweruka ndiye amagwirira bambo ake chingwe.

Mono ndi madengu ena a maso otseguka ali ndi nkhani yakuya pang'ono. Mukaluka nsungwi za mbali ziwiri zokha, zina chotere zina mopingasa, n'kusiya mipata, chinthucho sichilimba, chimasuntha n'kupindika mukachikankha. Mukaonjeza nsungwi za mbali yachitatu, zonse zikumana pa madigiri 60, maso ake amatuluka a mbali 6, ndipo cholukacho chimauma gwa, pamene nsungwi zalowa zochepa. Kalukidwe aka kamapezeka kumpoto kwa Mozambique pakati pa Amakua, komanso ku Asia ndi ku South America, kwa anthu amene sanaonanepo. A Gerdes anasonyeza kuti madigiri 60 aja sanasankhidwe chifukwa cha kukongola. Amatuluka okha munthu akamakulunga kansungwi pa kanzake kofanana nako m'lifupi, n'kumafuna kuti zithinane bwino. Anaonanso kuti woluka akafuna kuti chinthu chafulati chipindike n'kukhala ndi kona, amachotsapo nsungwi kuti diso limodzi likhale la mbali 5. Maso 12 a mbali 5 amatseka mpira wathunthu. Mpira wolukidwa wa ku Malaysia uli nawo 12, mpira wachikopa wa zigamba zakuda ndi zoyera uli nawo 12, ndipo kamolekyu ka kaboni kotchedwa C60, kamene asayansi anatulukira mu 1985, kali nawonso 12.

Ku Inhambane anapezako china. Amayi olankhula Gitonga amaluka tizikwama ta mlaza totchedwa sipatsi, kamodzi amati gipatsi, tokhala ndi mizere yokongoletsa yozungulira chikwama chonse. A Gerdes anatolera tizikwamati kwa zaka zambiri, ndipo mu 1994 anatulutsa buku la nkhaniyi pamodzi ndi a Gildo Bulafo. Chinsinsi chake chili poyambira. Ngati chokongoletsa chimabwereza pakatha timizere 8 tilitonse, ndiye kuti timizere tonse ta chikwamacho tiyenera kugawika ndi 8 popanda chotsala. Mayi akayamba ndi 96, chokongoletsacho chidzazungulira n'kukumana bwinobwino pamene chinayambira. Akayamba ndi 100, potsekera padzatsala 4, duwa lomaliza lidzaduka pakati, ndipo aliyense pamsika adzaona chilemacho. Choncho mayi amawerengeratu asanaluke n'komwe, ndipo akafuna zokongoletsa ziwiri zosiyana pa chikwama chimodzi, nambalayo iyenera kugawika ndi zonse ziwiri. Komanso akatswiri a masamu anatsimikiza kalekale kuti pali mitundu 7 yokha ya mmene chokongoletsa cha m'mzere chingabwerezedwere: china chimangosuntha, china chimatembenuka kumanja ndi kumanzere, china pamwamba ndi pansi, china chimazungulira theka, china chimayenda mosinthana mmene mapazi amatsalira pamchenga, ndi zina zosakaniza zimenezi. Pa sipatsi mitundu yonse 7 inapezeka.

Lichero lathu lilinso m'banja lomweli. Mmisiri amayamba ndi kamphasa kafulati ka nsungwi zosenda, kuyambira pakati, nsungwi iliyonse kulumpha zinzake ziwiri kapena zitatu n'kulowa pansi pa zinanso chimodzimodzi, mzere wotsatira n'kusuntha ndi imodzi. Kusuntha kumeneko ndiko kumabala mizere yopendekeka imene timaiona. Kenako amakakanikizira mu mkombero wozungulira, kudula zotsala n'kusoka. Chinthu cha makona anayi chalowa m'chinthu chozungulira, ndipo pakati pa zonse ziwiri payenera kukhala pamodzi, apo ayi lichero lidzalemera mbali imodzi ndipo mayi wopeta adzalidandaula.

Koma chimene chinawatchukitsa kwambiri a Gerdes chinachokera ku Angola. Kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, kudera la Lunda, akuluakulu a mtundu wa Chokwe ankajambula pamchenga pofotokoza nthano, miyambi ndi zilape. Zojambulazo amazitcha sona, chimodzi ndi lusona. Wojambula ankasalaza mchenga, n'kudinda timadontho ndi nsonga za zala m'mizere yotalikirana mofanana, kenako n'kuyendetsa chala mozungulira timadonthoto osaimitsa, osabwerera pamzere umene wadutsa kale, mpaka chala chitafika pamene chinayambira. Kukayikakayika pakati panjira kunali manyazi. Luso limeneli linali litatsala pang'ono kutha m'nthawi ya atsamunda. Chimene chinapulumutsa zambiri ndi mabuku ochepa, makamaka la a Mário Fontinha la 1983, mmene muli zojambula zoposa 280. A Gerdes anakhala nazo pansi zojambulazo n'kuyamba kufunsa: wojambula ankadziwa bwanji, asanayambe, kuti mzere umodzi ukwanira?

Izi mukhoza kuyesa pabwalo panu pomwe. Dindani timadontho m'mizere 3, mzere uliwonse timadontho 4. Jambulani mpanda wa makona anayi kuzungulira tonse, motalikira theka la mpata umene uli pakati pa timadontho. Tsopano yambani pa mpanda, moyang'anizana ndi kadontho kamodzi, muyende mopendekeka pakati pa timadontho osatikhudza. Mukagunda mpanda, khotani n'kubwerera mkati mopendekekanso, mmene kuwala kumabwerera pagalasi. Pitirizani. Mudzaona kuti chala chadutsa paliponse, chakumbatira kadontho kalikonse, n'kubwerera poyambira ndi mzere umodzi wokha. Fufutani, muyese mizere 2 ya timadontho 4. Ulendo uno chala chibwerera msanga, theka la malo lisanayendedwe, ndipo pafunika mzere wachiwiri. Mizere 3 ya timadontho 6 ifuna mizere itatu. Mizere 4 ya timadontho 6 ifuna iwiri. Mizere 5 ya timadontho 7, ngakhale ndi yaikulu kuposa zonsezi, ifuna umodzi basi.

Lamulo lake ndi ili: chiwerengero cha mizere yofunika ndi nambala yaikulu kwambiri imene imagawa nambala ziwiri zija popanda chotsala. 3 ndi 4 palibe chimazigawa zonse koma 1, ndiye mzere umodzi. 4 ndi 6 zimagawika ndi 2, ndiye iwiri. 3 ndi 6 zimagawika ndi 3, ndiye itatu. Ana athu amaiphunzira nambala imeneyi ku pulayimale ndi dzina lakuti máximo divisor comum, amaisaka ndi magawo ataliatali pabolodi, ndipo ambiri sadziwa ntchito yake. Apa ikutuluka m'chala. A Gerdes anaona kuti m'zojambula za Chokwe za mtundu umenewu, miyezo imene inkakondedwa ndi yomwe imapereka mzere umodzi. Anapezanso malamulo amene akatswiri a sona ankalumikizira zojambula zing'onozing'ono kuti zikhale chimodzi chachikulu mzere n'kukhalabe umodzi. Atawagwira malamulowo anatha kuloza malo amene wokopera analakwitsa pokopera m'buku, n'kubwezeretsa chojambula mmene chiyenera kuti chinalili.

Pamenepa mpamene anasiya kungofotokoza za ena n'kuyamba kupanga masamu atsopano. Anaganiza kuti, bwanji titaika timagalasi mkati, pakati pa timadontho tiwiri toyandikana, kuti mzere uzibwereranso pamenepo? Kagalasi kakaikidwa pamalo pamene mizere iwiri yosiyana imadutsana, iwiriyo imalumikizika n'kukhala umodzi. Kakaikidwa pamene mzere umadutsana wokha, ukhoza kukhalabe umodzi kapena kuduka pawiri. Zojambula zambiri zovuta za sona zinapezeka kuti ndi mizere ya magalasi yotereyi. Kenako anachita china. Malo a kadontho kalikonse anawagawa m'timabokosi tinayi, ndiye kuti pa mizere 3 ya timadontho 4 pali timabokosi 48, ndipo mzere uja umadutsa m'kabokosi kalikonse kamodzi kokha. Anatsatira mzerewo akupaka: koyamba kakuda, kachiwiri koyera, kachitatu kakuda, mpaka kumapeto. Kuti takuda tikhala 24 ndi toyera 24, aliyense angayembekezere. Chodabwitsa n'chakuti mzere uliwonse wa timabokosi, wogona kapena woimirira, umatuluka ndi takuda ndi toyera tofanana chiwerengero, ngakhale timagalasi mutatiika pati, bola mzere ukhale umodzi. Zithunzi zimenezi anazitcha Lunda, polemekeza dera limene sona zinachokera. Kuchokera pa izo anafika pa mitundu ina ya matebulo a manambala okhala ndi malamulo awoawo powachulukitsa, ndipo akatswiri ena, monga a Slavik Jablan a ku Serbia, anazilumikiza ndi nthambi ya masamu yofufuza za mfundo zomanga pa chingwe. Digiri yoyamba ya udokotala ya a Gerdes, ya ku Dresden m'dziko la Germany mu 1986, inali yokhudza mmene maganizo a jometri anayambira pakati pa anthu. Ntchito ya sona anakaiteteza pa digiri ina ku Wuppertal, ku Germany komweko, mu 1996.

Sanali okha m'munda umenewu. Mayi Claudia Zaslavsky a ku America anali atalemba kale za kawerengedwe ka mu Africa mu 1973, ndipo a Ubiratan D'Ambrosio a ku Brazil ndiwo anafalitsa dzina lakuti etnomatemática, kutanthauza kufufuza masamu opezeka m'zikhalidwe za anthu, pa msonkhano waukulu wa ku Adelaide m'dziko la Australia mu 1984. Kusiyana kwake n'kwakuti a Gerdes ankagwira ntchitoyo ali mkati mwa dziko losauka limene linali pa nkhondo. Zaka zimene ankalemba za sona ndi zomwe ife kuno tinkathawa. Masukulu a m'midzi ya ku Angónia, Macanga ndi Tsangano ambiri anatsekedwa kapena kuotchedwa, ndipo ana athu ochuluka anakaphunzira kuwerenga m'misasa ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, kufikira mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mwina n'chifukwa chake maganizo awo anafika msanga ku São Paulo kusiyana ndi ku Furancungo.

Tsopano otsutsa, pakuti alipo ndipo ena mfundo zawo n'zomveka. Funso loyamba n'lakuti, kodi woluka amadziwadi masamuwo, kapena ndi a Gerdes amene ankawalowetsamo? Pamene anatenga chokongoletsa cha pa mphasa n'kutulutsamo umboni wa lamulo la Pythagoras, umboniwo unali wawo, osati wa woluka. Iwo eni sankabisa zimenezo. Ankati akusonyeza njira imene mphunzitsi angadutse ndi ana. Koma owerenga ena anathamanga nazo n'kumalalika kuti Aafirika anatulukira lamulolo kale. Ine ndimaona kuti mpofunika kusiyanitsa. Mayi wa sipatsi amene amawerengeratu timizere akuchita masamu iye mwini, palibe chokayikitsa. Katswiri wa sona amene amadziwa miyezo yopereka mzere umodzi ali ndi lamulo m'mutu. Koma kunena chifukwa chimene lamulolo limagwirira pa manambala onse, ngakhale amene palibe anawajambulapo, ndi sitepe ina, ndipo sitepe imeneyo ndi imene sukulu iyenera kuphunzitsa. Nkhani yawo ya mmene jometri inayambira kalekale ilinso ndi pofooka: madengu amaola, sasiya umboni m'nthaka mmene miphika imachitira, choncho zambiri pamenepo ndi kulingalira kwanzeru, osati zotsimikizika.

Funso lachiwiri linachokera ku South Africa ndipo n'lowawa. Mu 1997 akatswiri a kaphunzitsidwe ka masamu a Renuka Vithal ndi a Ole Skovsmose anakumbutsa kuti boma la tsankho nalonso linkalankhula za maphunziro ogwirizana ndi chikhalidwe cha munthu wakuda. A Hendrik Verwoerd, amene anali nduna ya bomalo, mu 1953 anafunsa poyera kuti kuphunzitsa mwana wakuda masamu kuli ndi phindu lanji. Ndiye kholo la ku Tsangano likamva kuti mwana wake aziphunzira za malichero pamene mwana wa ku Maputo akuphunzira aljebra, lili ndi chifukwa chokwiyira. Mayeso a dziko safunsa za lichero. Ntchito ya ku Cahora Bassa kapena ku migodi ya malasha ya ku Moatize imafuna masamu a m'buku, athunthu. Chenjezo limeneli n'loona, koma limagwera amene amawerenga a Gerdes mwatheka. M'mabuku awo lichero ndi khomo lolowera, ndipo tsamba lachitatu mwafika kale pa umboni ndi pa zilembo za aljebra. Choopsa ndi mphunzitsi waulesi amene angabweretse dengu m'kalasi, ana n'kuliyamikira, belu n'kulira, osawerenga kansungwi ngakhale kamodzi.

Pali mbali ina imene imatikhudza ife mwachindunji, ya chilankhulo. A Gerdes ndi anzawo anasonkhanitsanso kawerengedwe ka m'zilankhulo za ku Mozambique, m'buku limene linatuluka mu 1993. Chichewa chimawerenga modalira dzanja: tikafika pa zisanu timayambiranso, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Anthu ena amati n'kutalikitsa, ndipo pamsika wa ku Zóbuè palibe amene amatchula mtengo choncho; amatchula m'Chipwitikizi ngati ndi metikali, m'Chingerezi ngati ndi kwacha. Koma taonani mwana akuphatikiza 7 ndi 8. M'Chichewa dzina la nambala lamuuza kale kuti ali ndi zisanu ziwiri, ndiye khumi, n'kutsala ziwiri ndi zitatu, ndiye zisanu: 15. Wophunzira m'Chipwitikizi ayenera kuloweza. Chigawo chathu chinali chimodzi mwa ziwiri zimene boma linayesererako maphunziro a zilankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, Chinyanja kuno ku Tete ndi Chishangana ku Gaza, asanawafalitse m'dziko lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kalasi yotero ndi malo oyenera maganizo a a Gerdes, chifukwa mwana sangafotokoze chifukwa cha kalukidwe m'chilankhulo chimene akuchiopa.

Ntchito zawo zodziwika kwambiri zinachokera ku Inhambane, ku Nampula ndi ku Angola. Zathu za kuno zili pamaso pathu tsiku lililonse: nkhokwe yozungulira imene imasunga chimanga chambiri pa nsungwi zochepa kuposa ya makona, denga la udzu ndi kapendekedwe ka phaso lake, mkeka, nsengwa, ndi bawo imene akuluakulu amawerengera patsogolo nyumba zingapo asanagwire n'komwe njere. Ophunzira awo ena anatsata njira yomweyo, monga a Abdulcarimo Ismael amene anafufuza masewera a mtundu wa bawo, ndi a Marcos Cherinda amene anafufuza za kuluka ngati chida chophunzitsira.

Kupatula kufufuza, ananyamulanso ntchito yotopetsa imene ambiri amaithawa, yosunga mbiri. Kuyambira 1986 ankatsogolera AMUCHMA, komiti ya African Mathematical Union yoona za mbiri ya masamu mu Africa, ndipo ankatulutsa kalata yake ya nkhani kwa zaka zambiri. Pamodzi ndi a Ahmed Djebbar a ku Algeria anasonkhanitsa mndandanda wa zolembedwa zokhudza masamu m'mbiri ndi m'zikhalidwe za mu Africa. Mu 2007 anatulutsa kaundula wa Aafirika oposa 2,000 amene ali ndi digiri ya udokotala pa masamu, dzina ndi dzina, dziko ndi dziko, kuti wonena kuti kulibe akatswiri a masamu akuda azitsutsana ndi tsamba. Mabuku awo ambiri a m'zaka zomaliza ankawasindikiza kudzera pa intaneti kuti asadikire makampani a mabuku, ambiri m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi.

Anamwalira mu Novembala 2014, m'masiku omwe ankakwanitsa zaka 62. Patapita zaka 9, mu Disembala 2023, bungwe la UNESCO pa msonkhano wake wa ku Kasane m'dziko la Botswana linaika sona pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia.